Ambulera Yachitatu

"Ayi, pamenepa palakwika," anatero Mayi Beryl Outhwaite, akudinikiza rimoti ndi zala ziwiri ngati akupha nsikidzi. "Dikirani, ndibweze m'mbuyo."

Anabweza. Pa TV panaonekanso amuna awiri aja, atavala ngati ansembe, akulimbirana nsomba imodzi yokazinga. Anthu osaoneka anaseka. Ndiye pamene pankayenera kubwera siteji ya basi, mvula, ndi mwamuna wamtali wa ambulera, panangotulukira maina akukwera m'mwamba. Dzina la Wilf Outhwaite linadutsa lachitatu, mothamanga ngati mbava.

Eni dzinalo, amuna a Mayi Beryl, anali pomwepo, pa mpando wawo wamatayala, atavala tayi m'mawa wa Lachisanu. Anali atalimbana nayo okha tayiyo, ndi dzanja limodzi, kuyambira pomwe wa positi anagogoda. Sitiroko ya zaka ziwiri zapitazo inawalanda dzanja lamanja ndi mwendo wa mbali yomweyo, ndipo pa mawu onse a m'kamwa mwawo inawasiyira awiri okha: "ayi," ndi ena aja osayenera kulembedwa. M'mawa umenewo ananena onse awiri.

Nkhani yake inali iyi. Kalelo, cha m'ma 1975, pa TV pankaonetsedwa sewero la nthabwala lotchedwa Maambulera Atatu. Linali la tizidutswa tifupitifupi: aka ka ansembe, aka ka dokotala wa mano, aka ka apongozi ovuta. Awiri mwa atatuwo ndiwo ankalongolola. Wachitatu, a Wilf, ankabwera kumapeto kwa gawo lililonse, ndipo sankatsegula pakamwa n'kamodzi komwe. Ankangoima pa siteji ya basi, mvula ikugwa, nkhope ili ndwii ngati ali pa maliro a munthu amene sankamukonda. Nyimbo ikayamba kulira pa windo la nyumba ina, phazi limodzi linkayamba kugwedera lokha. Kenako bondo. Posakhalitsa munthu yense ali m'dansi, atakumbatira chitsulo cha pa sitejicho ngati mkwatibwi. Wina akangodutsa, iwo njo, kusuzumira kumsewu ngati basi yachedwa. Basiyo sinabwerepo ngakhale tsiku limodzi.

Sewerolo linatha patapita zaka ziwiri. Olongolola aja anapita kukatchuka kwina, a Wilf n'kubwerera kwawo ku Halifax kukaluka makapeti pa fakitale mpaka anapuma. Tsopano, patatha zaka makumi atatu, kampani ina ya ku London inali italitulutsa pa DVD. Zimbale ziwiri, ndipo pachikuto panalembedwa ndi zilembo zonenepa kuti: ZIGAWO ZONSE KHUMI NDI ZIWIRI, ZATHUNTHU. Ku kalabu ya opuma ntchito a pa fakitale anali atamata kale chipepala pakhomo: Lamlungu masana, bwerani mudzaone Wilf wathu. Mkazi wa wapampando anali atalonjeza masangweji.

Mayi Beryl anathamangitsa gawo lachiwiri mpaka kumapeto. Maina. Lachitatu, maina. Anasintha chimbale. Pofika gawo lomaliza tiyi anali atazizira m'makapu, ndipo siteji ya basi sinaoneke paliponse.

Anavala magalasi n'kutembenuza chikuto. Pansi penipeni, m'zilembo zazing'ono ngati mazira a nsabwe, panali mzere umodzi: Zina zachotsedwa chifukwa cha malamulo a eni nyimbo.

"Zina!" anakuwa. "Mwamva, Wilf? Inu ndinu 'zina.' Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu ndakhala pabanja ndi 'zina,' ine osadziwa."

A Wilf sanawayang'ane. Anakweza dzanja lamanzere n'kuloza kabati ya pansi pa masitepe.

M'kabati imeneyo munkakhala matepi atatu. Sewerolo litabwerezedwa pa TV mu 1983, a Wilf anagula deki ndi ndalama za tchuthi n'kujambula zigawo zonse, zinayi pa tepi iliyonse. Atatha anathyola kadzino kapulasitiki ka kumbuyo kwa tepi, kaja kakuti ukakathyola deki imakana kujambulirapo zina, ndipo pamwamba analemba ndi dzanja lawo dzina lawo ndi mawu akuti OSAFUFUTA. Deki ija inadzafa ndi ukalamba. Ndiye bedi la a Wilf litatsitsidwa m'chipinda chochezera chifukwa cha masitepe, malo anachepa m'nyumba. Masabata atatu apitawo, amuna awo ali kuchipatala kowongola mwendo, Mayi Beryl anataya deki yakufayo, matepi n'kuwaika m'katoni ya zovala zakale yopita ku shopu ya kaunjika ya tchalitchi. Nanga zonse si zinali kubwera pa chimbale, zoyera bwino, zathunthu? Sanawauze. Anati adzawauza chimbale chikafika, onse akuseka.

"Deki inafa, mwaiwala?" anatero mofulumira. "Dikirani kaye ndithane ndi anthu awa."

Nambala ya foni inali pachikuto pomwepo. Anawadikiritsa mphindi makumi awiri akuwaimbira kanyimbo m'khutu.

"Nyimbo iyi yokha eni ake anavomera, eti?" anafunsa Mayi Beryl kwa munthu woyamba kuyankha. Munthuyo anawapatsira wina, winayo wina, mpaka anafika kwa Bambo Fenwick, mwamuna wa mawu osalala ngati batala wa padzuwa.

"Mayi Outhwaite! Ulemu waukulu bwanji. Amuna anu ndi chuma cha dziko lino."

"Kwanuko chuma mumachidula ndi sizasi?"

"Ndikumvetsa mmene mukumvera, mayi."

"Simukumvetsa kanthu. Kusukulu munapitako, bambo? Tawerengani maambulera pachikutopo."

"Alipo atatu."

"M'katimo ndapezamo awiri. Yachitatu mwabwereketsa kwa ndani?"

Bambo Fenwick anafotokoza modekha, monga achitira anthu amene afotokozapo kale chinthu chomwecho kasanu tsiku lomwelo. Nyimbo imene a Wilf ankavina inali ya woimba wina wa ku America amene anamwalira kale. Chilolezo cha kalelo chinali cha pa TV pokha. Cha DVD n'china, ndipo adzukulu a woimbayo anakana.

"Bwanji osaika nyimbo ina?"

"Tinayesa, mayi. Koma mapazi a amuna anu amatsatira nyimbo ija ndendende. Tikaika ina amaoneka ngati munthu amene waponda linthumbu."

"Ndiye munaona kuti bola kungomupha."

"Palibe wafa, mayi. Zidutswazo zili bwinobwino m'nkhokwe yathu."

"Nditumizireni."

"Malamulo salola. Koma zinthu zimasintha. Mwina zaka zisanu kapena khumi zikubwerazi..."

"Amuna anga ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zitatu, ndi theka la thupi. Zaka khumi zanuzo mudzawapeza nazo kuti? Mudzakawaonetsera kumanda? Ndipo mawu akuti 'zathunthu' analemba ndani, adzukulu a ku America omwewo?"

Kenako mawu aja anabweranso, atawonjezera batala.

"Tamverani, mayi. Tapangitsa maambulera okongola kwambiri otsatsira malonda, olembedwa dzina la sewero. Ndikhoza kukutumizirani imodzi, yaulere."

"Musatumize. Mubwere nayo nokha, ndidzakuonetseni pomwe muisunge."

Anamenyetsa foni mpaka kabelu kake kanalira.

Atatembenuka, mpando wamatayala sunali pamalo pake. A Wilf anali atadzikoka ndi phazi limodzi mpaka m'kanjira ka kumasitepe, ndipo anali atakola chitseko cha kabati ndi ndodo yawo. M'katimo munali makina osesera, chidebe, ndi nsapato zamvula. Pa shelefu pamene pankakhala matepi panali timizere titatu topanda fumbi.

"Wilf," anatero Mayi Beryl. "Ndinati... m'nyuzipepala analemba kuti zonse. Ndinapititsa kwa Mavis, ku shopu."

A Wilf anawayang'ana nthawi yaitali. Sananene "ayi," sananene mawu ena aja. Anakoka tayi mpaka inamasuka, n'kuigwetsa pansi. Masana anakana chakudya. Madzulo anakankha kapu ya tiyi ndi kumbuyo kwa dzanja, n'kutembenukira kukhoma. Munthu amene anaseketsa dziko lonse osayankhula ankadziwanso kutukwana osayankhula.

Loweruka m'mawa mwana wawo Glenda anabwera kudzakhala ndi bambo ake monga ankachitira sabata iliyonse. Mayi Beryl anavala chikhoti n'kutsika mtunda mvula ikuwaza, akukangana ndi Bambo Fenwick m'mutu njira yonse, ndipo nthawi zonse ankapambana ndi iwo.

Shopu ya tchalitchi inkayendetsedwa ndi Mavis Pickersgill, amene anakhala naye desiki limodzi ku pulayimale ndipo chiyambire nthawi imeneyo sanagwirizanepo pa chilichonse. Anamupeza akupachika masiketi.

"Iwe Mavis, katoni yanga ija. Munali matepi atatu. Ndikuwafuna."

"Mwadzuka bwanji nanunso, a Beryl," anatero Mavis osatembenuka. "Chimene wapereka kwa Mulungu sulanda."

"Sindinapereke kwa Mulungu, ndinapereka kwa iwe. Ali kuti?"

"Matepi ojambula kunyumba sitigulitsa. Ungadziwe bwanji zimene zilimo? Chaka chatha tinagulitsa ina yolembedwa kuti Ubatizo wa Timothy, abusa mpaka lero sayang'ana Mayi Crabtree kumaso. Timaponya m'bini."

"M'bini! Zolembedwa dzina la Wilf, iwe n'kuponya m'bini? Maso ulibe? Unali pa ukwati wathu, unadya keke yathu, magawo awiri!"

"Atatu. Inali youma, ndimathandiza kuti ithe." Mavis anatembenuka tsopano, manja m'chiuno. "Ndiye chimbale chanu chotchuka chija chatani? Tauni yonse takhala tikumva za chimbale, chimbale."

"Amuchotsamo."

"Ndani?"

"Wilf. Yense. Sanasiye ngakhale chipewa."

Mavis anatsitsa manja. Koma lilime lake linali lisanamve kuti mtima wafewa.

"Ndiye iwe unataya matepi chimbale usanachione? Beryl, Beryl. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo."

"Miyambi yako ukaipachike pamodzi ndi masiketiwo. Bini amatenga tsiku lanji?"

"Lolemba lililonse. Atenga kale katatu." Mavis analuma mlomo. "Koma dikira. Horace Tuke amabwera kudzatinyamulira makatoni, ndipo amapisa m'bini ngati mphaka. Matepi ndiye sawasiya. Amajambulirapo mpikisano wa mahatchi."

"Sangathe. Wilf anathyola tidzino."

Mavis anawayang'ana momvera chisoni, monga uyang'anira munthu wamkulu amene sadziwa chinthu chodziwa mwana aliyense.

"Selotepu, Beryl. Umangomata pa bowopo."

Horace Tuke ankakhala kutsidya kwa tauni, pamwamba pa mtunda wina, ndipo basi ya kumeneko inachita zomwe basi za Loweruka zimachita. Mayi Beryl anaima pa siteji pafupifupi ola lathunthu, ambulera ili m'manja, ndipo sanaone choseketsa chilichonse pamenepo. Anafika nthawi itadutsa kale thuu koloko. Anagogoda ndi chigwiriro cha ambulera mpaka chitseko chinatseguka, n'kutulukira nkhalamba yaifupi ya juzi yobooka m'zigongono, maso ofiira ndi tulo ta masana.

"Ngati ndi za Mulungu, ndili naye kale," anatero Horace.

"Ndine mkazi wa Wilf Outhwaite. Muli ndi matepi anga."

Sanadikire kuuzidwa kuti lowani. M'chipinda chochezera matepi anali mulu kuchokera pansi mpaka pa windo. TV inali yozimitsa. Horace anawatsatira akufotokoza kuti iye mahatchi saonera masana, chifukwa akadya amagona. Amajambula, n'kudzaonera madzulo ndi botolo limodzi la mowa, asakudziwa amene wapambana. Zaka makumi awiri wakhala akutero, ndipo aneba onse amadziwa kuti kumuuza zotsatira ndi kuyamba nkhondo.

Mayi Beryl sankamva. Pamwamba pa mulu anali ataona kale dzanja la amuna awo. Tepi yoyamba. Tepi yachiwiri. Pa mawu akuti OSAFUFUTA panadutsa mzere wa bolopeni, pansi pake palembedwa masiku ndi maina a mabwalo a mahatchi. Atazitembenuza, pa bowo lililonse panali kaselotepu, komata mwaukhondo.

"Mwajambulirapo."

"Zonse ziwiri, mpaka kumapeto. Matepi abwino, akale. Masiku ano sapanganso otere."

"Simudziwa kuwerenga, bambo inu? Apa palembedwa chiyani? Apa!"

"Onse amalemba choncho, mayi. Pamenepa ndili ndi maukwati asanu ndi atatu, onse osafufuta. Eni ake ena anasudzulana kale."

"Nkhalamba yopanda manyazi! Fisi wa m'mabini! Moyo wa munthu, ntchito yokhayo imene anthu ankamudziwa nayo, inu n'kuyendetsapo mahatchi? Mahatchi amene mawa lomwe simuwakumbuka ndi dzina lomwe?"

Horace anawongoka, ndipo anatalikako pang'ono.

"Mayi, m'nyumba mwanga muno simunditukwana. Ine sindinathyole nyumba ya munthu. Ndinatola m'bini. Funso n'lakuti, zinafika bwanji m'binimo? Zinayenda zokha?"

Mkwiyo umene Mayi Beryl anaunyamula kuchokera dzulo, umene anaugawira Bambo Fenwick, adzukulu a ku America, Mavis ndi woyendetsa basi, unabwerera wonse kwa mwini wake. Anatsitsa maso. Ndipo potsitsa masopo ndi pomwe anaona kanyali kofiira pansi pa TV, ndi kumva kaphokoso kakang'ono ka chinthu chozungulira.

"Yachitatu ili kuti?"

Horace anayang'ana deki. Mayi Beryl anayang'ana Horace.

"Ayi, mayi, dikirani, umenewo ndi mpikisano waukulu, wangoyamba kumene..."

Mzimayi wa zaka makumi asanu ndi awiri, wa nyamakazi m'mawondo onse, anagwada pa kapeti ngati mtsikana, n'kukoka chingwe cha magetsi kukhoma. Kanyali kanazima.

"Mwandiphera Loweruka!" analira Horace.

"Mwandiphera mwamuna. Tafanana. Yatsani, tione chimene mwasiya."

Horace analumikizanso chingwe akung'ung'udza. Tepiyo anali ataiyamba dzana, ndipo inali itatsala pang'ono kutha. Anaibweza pang'ono n'kuyatsa TV. Mahatchi khumi ndi awiri anatulukira akuthamanga pa udzu wonyowa, wolengeza akukuwa. Anakhota ngodya yomaliza, awiri ali khosi ndi khosi, Horace atagwira mpando. Kenako chithunzi chinang'ambika. Mizere, chipale, phokoso ngati mvula pa malata.

M'chipalemo munatuluka siteji ya basi.

Chiyambi chinali chitadyedwa ndi mahatchi. Phazi linali litayamba kale, tsopano linali bondo. Mwamuna wamtali wa tsitsi lakuda, nkhope ya pamaliro, mvula ikutsika pa ambulera, ndi nyimbo ija, nyimbo yomwe ija, ikulira mokoka pang'ono chifukwa cha ukalamba wa tepi. Anagwira chitsulo m'chiuno. Anachizungulira. Wapolisi anadutsa, iye njo, kusuzumira kumsewu, kuyang'ana wotchi. Wapolisi atangopita, bondo linayambanso lokha, mwini wake akuliyang'ana mokwiya ngati galu wosamva.

Kumbuyo kwa Mayi Beryl kunamveka kaphokoso ngati ketulo yoyamba kuwira. Anali Horace, akuyesa kusaseka.

"Kodi ndi ameneyu?" anatero akupukuta m'maso. "Wa basi uja? Malemu mkazi wanga ankasiya mbale m'madzi kuthamangira ameneyu. Bwanji osalemba kuti wa basi? Wilf Outhwaite ndani amamudziwa?"

Zinatenga mphindi zitatu ndi theka, kenako maina, kenako tepi inatha. Pa zidutswa khumi ndi ziwiri, chinatsala chimenecho, chopanda mutu.

Mayi Beryl anatulutsa tepi, n'kukanda selotepu ndi chikhadabo mpaka inachoka yonse. Anaimata pa juzi ya Horace.

"Mawa thuu koloko, ku kalabu ya fakitale. Mubwere ndi deki yanuyi. Muvale juzi ina."

"Nanga hatchi yanga? Wapambana ndani?"

"Mukafunse ku London. Ali ndi zonse, zathunthu."

Lamlungu holo ya kalabu inadzaza: oluka makapeti akale ndi akazi awo, ndodo zitatsamira m'mipando, Mavis ali kutsogolo pafupi ndi masangweji. A Wilf anawakankhira pakati. Sanavale tayi. Kuyambira Lachisanu anali asanawayang'ane akazi awo kumaso, ndipo nkhani ya tepi anaimvera kwa Glenda, akuyang'ana khoma.

Wapampando anaimirira ndi chikuto cha DVD m'manja, atakonzeka kuyankhula. Mayi Beryl anamulanda.

"Ichi sitionera," anatero, akuchikweza m'mwamba. "Pano palembedwa kuti zonse. Ndi bodza. Wilf amudulamo chifukwa cha nyimbo, ndipo amene mwagula kale mukabweze, mukawauze kuti wakutumani Beryl Outhwaite." Anthu anang'ung'udza, wina kumbuyo anatchula mawu aja a a Wilf. Mayi Beryl anadikira kuti phokoso litsike. "Koma sindinamalize. Kunyumba kwathu kunali zonse khumi ndi ziwiri, pa matepi, zojambula mwini wake. Ndinataya ndine. Palibe anandituma. Ndinakhulupirira pepala kuposa mwamuna wanga. Zatsala mphindi zitatu ndi theka, ndipo muyamba mwaonera mahatchi."

Anakhala pansi. M'holo munali zii, moti munkamveka Mavis akumeza.

Horace, atavala juzi ina yobooka malo ena, anadina batani. Mahatchi anathamanga, anakhota ngodya, ndipo madala angapo anayamba kukuwira ya kumanja. Chithunzi chitang'ambika onse anati "Aaa!" mokhumudwa. Kenako bondo lija.

Anaseka mpaka ena kutsokomola. Mkazi wa wapampando anatayira tiyi pa siketi. Tepi itatha anakuwa kuti ibwerezedwe, ndipo inabwerezedwa kanayi, ndi mahatchi omwe, mpaka anthu anayamba kubetcherana za hatchi imene sidzafika. Amuna anabwera mmodzimmodzi kudzagwira a Wilf dzanja lamanzere. Iwo ankangogwedeza mutu, maso ali pa TV. Sanamwetulire. Pobwerera kunyumba, akazi awo akuwakankha pa mtunda, sanatembenuke ngakhale kamodzi.

"Madzi akatayika saoleka, amayi," anatero Glenda pa geti, motsitsa mawu. "Apatseni nthawi."

"Nthawi ndi imene aliyense akufuna kutipatsa sabata ino," anayankha Mayi Beryl. "Kaya aitenga kuti."

Lolemba kunacha kopanda mvula. Mayi Beryl anakankha mpando wamatayala mpaka ku kadimba kawo ka kuseri kwa njanji, kamene a Wilf ankalima asanadwale ndipo tsopano kanali m'manja mwa akazi awo ndi nkhunda. Anawaimika pa kanjira, bulangete pa mawondo. Kabichi yense anali wobooka masamba.

Anatulutsa m'thumba zimbale ziwiri zija ndi chingwe. Anazimanga pa bowo la pakati, n'kuzipachika pa ndodo ya nsungwi pamwamba pa kabichi, monga amachitira alimi a madimba onse a kumeneko ndi zimbale zopanda ntchito poopseza mbalame. Mphepo inazizunguza, zinang'anima, ndipo nkhunda ziwiri zinauluka pa mpanda.

"Ehee," anatero. "Zathunthu. Gwirani ntchito tsopano."

Ankamanga mfundo yomaliza atawafulatira amuna awo, ndipo sanadziwe kuti akung'ung'udza nyimbo. Inali itawakanirira m'mutu kuyambira dzulo. Chimbale china chinatembenuka pang'onopang'ono n'kuima, ndipo m'kuwala kwake anaona kanjira ka kumbuyo kwawo, matayala a mpando, ndi mphepete mwa bulangete. Pansi pa bulangetelo phazi lamanzere linali kugwedera. Kenako bondo.

Anatembenuka msanga.

A Wilf anali njo, nkhope ya pamaliro, khosi litasuzumira kumapeto kwa kanjira. Anakweza dzanja lamanzere pang'onopang'ono n'kuyang'ana pamkono, pamene panalibe wotchi.

Mayi Beryl anaima pomwepo, chingwe chili m'manja.

"Kuno basi sibwera, mdala inu," anatero.

"Ayi," anavomera a Wilf.

Mayi Beryl anawafulatiranso, n'kuyambiranso nyimbo ija kuchokera pachiyambi, ndipo ulendo uno sanatembenuke mpaka inatha.